Nkhulungo ya Mayi Liness

Miphika khumi ndi inayi, ndipo panalibe ngakhale umodzi wodontha. Woumba wina aliyense wa ku Thambani akadanyadira. Mayi Liness ankangoiyang'ana, manja ali m'khosi.

Mayiwa anayamba kuumba ali mtsikana. Mtsuko wawo suchedwa pa msika, ukaugogoda ndi chala umalira ngati belu. Dongo lomwelo ndi limene linaphunzitsa mwana wawo Stafford mpaka ku yunivesite, ndipo lero ali ku Blantyre, kumene amafufuza za zinthu zokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso, zosefera madzi ndi zofulumizitsa ntchito m'mafakitale.

Mu 2021 Stafford anabwera kumudzi ndi kapepala ka miyeso. Anati amayi ake asakanize dongo ndi utuchi wosefa bwino. Pamoto utuchiwo upsa n'kusiya timabowo, madzi azidutsa pang'onopang'ono, zinyalala ndi tizilombo tambiri tizitsala.

"Ndiye ndiumbe mphika wodontha?" anaseka mayiwo. "Zaka makumi atatu anthu akunditama, lero akandiseke pa msika? Sukulu yakuzunguza mutu iwe."

Kapepalako anakatsomeka kudenga.

Mu Januwale 2023 kolera inalowa m'mudzi. Mdzukulu wawo Rozina, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anadwala Lachiwiri m'mawa, Lachitatu anamuika m'manda. Madzi amene ankamwa anali a pachitsime, osungidwa mumtsuko wa agogo ake, wosalala bwino, wosadontha.

Palibe amene anawaloza chala. Koma kuyambira pamenepo, dzuwa likafika paliwombo, Mayi Liness ankamva kudontha kuseri kwa nyumba, tho, tho, tho. Akapitako ankapeza pansi pali gwa, fumbi lokhalokha.

Anatsitsa kapepala kaja. Utuchi anakapempha kwa kalipentala, anayeza monga mwa malembo, anaumba, anawotcha. Anathira madzi n'kudikira tsiku lonse, pansi pa mphika pali pouma. Wachiwiri chimodzimodzi, mpaka wa khumi ndi chinayi. Okutobala anali kutha, mitambo yayamba kusonkhana, ndipo azing'ono ake a Rozina awiri ankamwabe madzi a pachitsime chomwe chija.

"Rozina wakana," anauza Stafford pa foni. "Ndinakana ine poyamba, tsopano akukana ndi iye."

"Amayi, musatero. Tandiuzani zonse zimene mumachita, musadumphe kanthu."

Anafotokoza za kupondaponda dongo, kuumba, kuyanika pamthunzi.

"Mphika ukayamba kuuma ndimaukulungiza, kenako..."

"Mumaukulungiza ndi chiyani?"

"Ndi nkhulungo, nanga n'chiyani? Mwala uja anandisiyira amayi anga."



"Pakapepala sindinalembe zokulungiza, amayi."

"Zimenezo amachita kulemba? Mphika ungapite pamoto uli ndi nkhanambo ngati ng'ona?"

"Mwalawo ndi umene ukutseka timabowo. Usiyeni wokhakhala choncho."

Mayi Liness anayang'ana dzanja lawo. Silinali tsoka, sanali mwana. Linali luso lomwe lija ankawatama nalo.

Mphika wa khumi ndi chisanu unawavuta kuposa yonse, pakuti dzanja linkangopita lokha kumwala. Mapeto ake anatenga nkhulungoyo n'kuiponya m'kapu ya pulasitiki ya Rozina, pamwamba pa kabati, pamene chimwalirire mwanayo sanaikepo dzanja.

Mphikawo unatuluka pamoto wonyansa, woti pa msika sangaufunse ndi mtengo womwe. Anaukhazika pakamwa pa ndowa n'kuthira madzi a pachitsime. Patapita kanthawi dontho loyamba linagwa. Anayeza ndi botolo: lita imodzi ndi theka pa ola. Maola khumi, malita khumi ndi asanu, okwanira kumwa banja lonse.

Kudontha kwa kuseri kuja sikunaleke. Masana amakumvabe, kungoti tsopano kumadontha pawiri, ndipo kudontha kwinako kumadzaza ndowa.

Stafford wati madziwo aziwawiritsabe mpaka awayeze. Lolemba botolo limodzi la madziwo likwera minibasi kupita ku Blantyre, ndipo Loweruka Mayi Liness aumba miphika ina isanu ndi umodzi, yosakulungiza.