Alendo a Mayi Aune

Mayi Aune Moilanen ndinawadziwa atakalamba kale, mutu utayamba kusokonekera. Ejensi yosamalira okalamba imene ndimagwirako ntchito ndi imene inanditumiza kwawo ku Loughborough, tauni ina ya kuno ku dziko la Angerezi. M'mawa ndinkamusiya mwana wanga Lumbani kwa aneba, a Humera, kuno ku Spinney Hill, ine n'kukakwera sitima. Mayiwo ankakhala m'nyumba ya mwana wawo, a Riitta, amene amagwira ntchito pa kampani ina ya mainjiniya.

Tsiku loyamba lomwe a Riitta anandiuza mosabisa kuti mayi awo sakudya. Adokotala anali atanena kale kuti akapitiriza kuonda apite ku nyumba ya okalamba, ndipo malo anali atapezeka. A Riitta sankafuna, chifukwa Chingerezi cha mayi awo chinali kutha, ndiye kumeneko akanangokhala duu, opanda wolankhula naye.

Mbiri yawo ndinaimva pang'onopang'ono, ina kwa a Riitta, ina kwa eni ake masiku amene mutu unali bwinoko. Anabadwira m'kamudzi ka kum'mawa kwa Finland, pakati pa nkhalango, kumene chipale chofewa chimakwirira mipanda. Sukulu sanapite nayo patali. Anakula akukama ng'ombe za bambo awo, kenako za amuna awo. Ndale anazilowa chifukwa cha mkaka. Msewu unali woipa, galimoto yotenga mkaka inkatitimira m'matope, mkaka n'kusasa m'zigubu pa mphambano. Pa msonkhano wa alimi anaimirira n'kulankhula, azibambo n'kumaseka, koma chisankho chitafika anthu anawavotera ukhansala. M'khonsolo anakhalamo zaka zambiri mpaka anadzakhala wapampando. Akuti ku misonkhano ankapita atavala jombo za m'khola, nsapato zabwino zili m'chikwama.

Msewu wa tala unabwera, kiliniki ya amayi oyembekezera inamangidwa. Koma msewu womwewo unabweretsa basi, ndipo basiyo inayamba kutuluka ndi achinyamata, ena ku tauni, ena ku Sweden. Ana atachepa, ndi Mayi Aune amene anatsogolera msonkhano wotseka sukulu ya m'mudzimo. Anthu ena sanawalankhulenso mpaka kulowa m'manda. A Riitta nawo anakwera basi yomweyo ali mtsikana. Tsiku limenelo mayi awo anali ku khonsolo, sanawaperekeze.

Za kudyazi, ine ndinkachita monga anatiphunzitsira: ndawapatsa mbale, akana, ndafunsanso, akana, ndachotsa. Munthu sakakamizidwa. Koma masana aliwonse Mayi Aune ankatulutsa makapu m'kabati, n'kuwandandalika pa tebulo, iwo n'kukaima pakhomo la khitchini, manja kumbuyo. Nditawafunsa a Riitta anati kwawo kalelo mlendo sathamangira tebulo la khofi. Amakana, umuitanenso, akanenso, mpaka uchite kumukoka dzanja. Ndipo mwini nyumba sadya alendo asanatenge. Anati ndi zakale chabe, ndipo nanenso ndinazisiya pomwepo.

Tsiku lina Mayi Aune anandigwira pa mkono, n'kuloza mpando wopanda munthu.

"Toivo," anatero. Ndinabwereza dzinalo. Iwo anapukusa mutu. "Muitanenso. Ndi wamanyazi."

Ndinaitananso. Anadikira, maso akutsatira chinachake kuchokera pakhomo mpaka pa mpandowo, kenako analoza wina. Martta. Eino. Ndinkathira khofi m'kapu iliyonse. Titamaliza anakhala pansi n'kunyema banzi, n'kudya pang'ono.

A Riitta atamva mayinawo anati anali aneba ndi makhansala anzawo, ndipo onse anamwalira kalekale. Kwathu ku Dedza kuitanira akufa chakudya ndi nsembe, ndipo ku tchalitchi amaletsa. Ndinkapemphera m'sitima popita ndi pobwera. Komabe munthu anali atadya banzi, ndiye ndinapitiriza.

Panali kapu imodzi, ya pafupi ndi windo, imene sindinkaithira khofi. Akafika pamenepo ankati "Riitta." Ine dzinalo sindinkalibwereza. Kutchula wamoyo pamodzi ndi akufa ndi kulaula. Munthu ali ku ntchito, madzulo ayendetsa galimoto pa msewu waukulu, ine ndimuitanire pakati pa mizimu? Ndinkalumpha, ndipo mwini dzinalo sindinamuuze. Mayi Aune ankaluma kamodzi kapena kawiri, kenako n'kusiya, n'kumangoyang'ana kapu ija mpaka khofi yense atazizira. Siketi inayamba kuvuka yokha m'chiuno. Tsiku lowasamutsa linaikidwa.

Sabata imeneyo a Riitta anaweruka masana kuti adzalongedze zovala za mayi awo. Akutsika masitepe ndi sutikesi anandipeza ndikuitana Eino kachiwiri. Anaima pakhomo, n'kufunsa kuti kapu yopanda kanthuyo ndi ya ndani.

"Ndi yanu," ndinatero. "Pepani, ndimaopa. Kwathu sitichita zimenezi kwa munthu wamoyo."

"Amanditchula ine?"

"Tsiku lililonse. Pomalizira."

Mayi Aune ankawaona a Riitta ngati mayi wina chabe, mwini nyumba amene amawasunga. Kenako a Riitta anaika sutikesi pansi n'kupinda manja kumbuyo.

"Ndiitaneni."

Ndinawaitana. Anakana m'chinenero chawo. Ndinaitananso, anakananso, maso ali pansi ngati kamtsikana. Pamenepo Mayi Aune anadzuka okha, akugwira m'mphepete mwa tebulo, n'kukawakoka dzanja mpaka pa mpando wa pawindo. Khofi anathira okha, wina akutayikira m'sosala. Anadikira mwana wawo amwe, ndipo atamwa, iwo anakoka mbale ya supu n'kuimaliza yonse, ndi buledi yemwe.

Akupukuta pakamwa anafunsa kanthu chapansipansi. A Riitta anayankha mawu amodzi. Pambuyo pake anandiuza kuti anafunsidwa ngati basi yawo ndi ya lero, ndipo iwo anati ayi.

M'mawa mwake a Riitta anaimba foni ku nyumba ya okalamba kuti malo aja apatse wina, n'kupempha ku ntchito kuti aziweruka masana. Mayi Aune anakhala m'nyumbamo mpaka tsiku lawo lomaliza, chisanu chitangotha. Masana onsewo ankadya, ndipo masana onsewo ankafunsa za basi. Tikachotsa makapu ankatembenukira kwa a Riitta mwaulemu, n'kuwathokoza m'Chingerezi chifukwa chowalola kulandirira alendo m'nyumba ya eni.