Chipumi cha Mdzukulu

Atate anali gone m'chipatala ku Chipata, mimba itatupa, pamene mlongo wanga wa ku Ulaya anaimba foni kuti kwabadwa mwana wamwamuna. Dzina linayenera kuchokera kwa atate. Koma iwo, mphunzitsi wopuma wa ku Chiparamba, anali munthu wa mawu amodzi.

"Sinitcha dzina munthu amene sin'namuone. Abweretse nkhope."

Adokotala anali atandinong'oneza kale kuti masiku atsala ochepa. Chithunzi cha papositi chikanatipeza titachoka kumanda. Choncho ndinauza mlongo wanga kuti atumize pa imelo ya kuofesi ya za thonje, kumene ndinkataipa makalata. Kompyuta inali imodzi, yogawana waya ndi foni.

Mlongo wangayo, kuzolowera za kwa eni, anatumiza chithunzi chachikulu ngati chitseko. Kompyuta inkalira, kukoka pang'ono, kenako foni n'kuduka. Ndikayambiranso, inkayambira pachiyambi penipeni. Makalata onse a ofesi anatsekeredwa kumbuyo kwa mwanayo, abwana n'kumangondiyang'ana ndi diso lofiira. Ndinazimitsa, ndinayatsa, ndinapukuta mawaya ndi chitenje, ndinaletsa aliyense kukhudza foni. Kompyutayo ndinaitukwana, kenako ndinaipempherera. Madzulo aliwonse atate ankandiyang'ana m'manja, osati kumaso, ndipo mtima wanga unkasweka.

Ndinaimbira anthu a imelo ku Lusaka ndikulira.

"Amayi, imelo yanu yapitirira saizi," anatero mnyamata wa kumeneko. "Tiifafanize, atumize kang'ono."

"Mlongo wanga ayankha liti? Atate akufa!"

Kenako mnyamatayo anati akhoza kuidula, ndilandire chimene chingakwane, koma salonjeza kuti chitseguka.

Chinatseguka. Pamwamba panaoneka tsitsi lonyowa, chipumi chotambalala ndi nsonga za makutu. Kuchokera pa nsidze kutsika kunali phulusa lokhalokha. Ndinasindikiza chomwecho n'kuthamanga nacho kuchipatala.

Atate anapempha magalasi awo. Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, chala chili pa chipumicho.

"Maso ali kuti?"

"Anatsala ku Lusaka, atate."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anadzigwira pachipumi pawo.

"Ichi n'changa. Mwana uyu namudziwa."

Anam'patsa dzina lawo lomwe. Chithunzi chathunthu chinafika papositi titameta kale. Maso anali a amayi ake.