Mpando wa Apongozi Anga

Ine ndine wamfupi. Ndiyambe ndi zimenezi poti nkhani yonse ikuchokera pamenepo. Apongozi anga aamuna anali aatali moti ankawerama polowa m'nyumba yomanga okha. Nditakwatira mwana wawo n'kukhala pamudzi pawo, kummwera pang'ono kwa boma la Nkhotakota, anandipatsa malo omangapo ndi munda wa chinangwa. Ataona kuti kusukulu komwe ndinkaphunzitsa n'kutali, anandibwerekanso njinga yawo. Malo ndi munda ndinathokoza ndi mtima wonse. Njingayo ndinathokoza ndisanaikwere.

Inali njinga yakuda, yachikale, yolemera ngati ngolo. Chishalo chake chinali chachikopa, chouma gwa, chokwezedwa mpaka cha pachifuwa panga. Pokwera ndinkayamba ndafuna chitsa. Ndikakhalapo, zala zakumapazi zokha ndi zimene zinkafika pa mapedulo, ndiye ndinkapalasa chopendekera uku ndi uku, msewu wonse. Pofika kusukulu ndinkaphunzitsa chiimirire mpaka kuweruka. Ahedi anafika ponditama pamsonkhano kuti aphunzitsi ena atengere chitsanzo changa, munthu wakhama wosadziwa kukhala pansi.

Mufunsa kuti bwanji osangomasula bawuti n'kutsitsa chishalocho. Inu simunakhalepo mkamwini. Chinthu cha apongozi sachiyandikira ndi sipanala. Komanso Lachisanu lililonse eni ake ankaitenga njingayo popita kumzikiti ku boma, ndiye akanazindikira tsiku lomwelo kuti mphatso yawo ndaipezera chilema. Ndipo ndikati ndidandaule, ndikanatchula pati? Malo amene ankawawawo satchulika pamaso pa apongozi. Ndinauza mkazi wanga, iye anaseka mpaka kutaya mpunga m'lichero, n'kundiuza kuti ndizolowera. Ndinakulunga chitenje chakale pa chishalo, chinangowonjezera kutalika. Ndinamangirira chidutswa cha matiresi, mbuzi zinadya.

Apongozi angawo anali wapampando wa komiti ya padoko, amene ankaletsa asodzi kukokera nsomba ndi masikito. Udindowo anakhala nawo zaka zambiri, ndipo sabata imene ndikunenayi kunali chisankho Loweruka. Ine za chisankho sindinkaziganiza. Maganizo anga onse anali pamalo amodzi.

Lachitatu ndinapita ku boma pa minibasi kukasiya mapepala a sukulu. Njinga inatsala ndi eni ake, amene ankazungulira nayo kwa asodzi. Ndinati mwayi ndi uwu, ndikafunse nzeru kwa fundi wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika. Ndinapeza pamthunzipo padzaza akabaza, ndipo chapafupi amayi ankagulitsa mpunga. Ndinachita manyazi. Ndinaona kuti ndikati chishalo, aliyense aganiza za chimene chimakhala pachishalopo. Monga mphunzitsi, ndinasankha mawu aulemu.

"Fundi," ndinatero motsitsa mawu, "mpando wa apongozi anga wandizunza mokwanira. Ndikufuna utsike, koma iwo asadziwe kuti ndine."

Fundiyo ankaidziwa njingayo, choncho anandimva bwinobwino. "Mpando umene uja? Akhalapo kalekale akuluwo, unachita dzimbiri. Sutsika ndi munthu mmodzi. Pafunika wina agwire, wina apotokole."

"Anthu ndiwapeza," ndinayankha.

Pamthunzi ponse panali zii. Ndinaganiza kuti akabazawo akundipatsa ulemu wa uphunzitsi.

Minibasi yathu imadikira kudzaza, koma kabaza sadikira. Pofika kumudzi ndinapeza nkhani yafika kale, yasamba, yadya. Mkazi wanga anandiikira madzi osandiyang'ana. Lachinayi m'mawa bambo wina, amene ankapikisana ndi apongozi pa chisankho, anabwera pakhomo panga ndi chambo ziwiri zikuluzikulu. Anandigwira chanza ndi manja awiri nati, "Aphunzitsi, anthu olimba mtima ngati inu ndi osowa." Ine, chitsiru, ndinalandira nsombazo, n'kumaganiza kuti mwana wawo wakhoza mayeso.

Masana ankhoswe, amalume a mkazi wanga, anabwera kudzandiuza kuti mawa anthu akabwerako kumzikiti ndikaonekere pakhonde pa apongozi. Ndi iwo amene anandifotokozera mlandu wanga: ndikusonkhanitsa anthu mobisa kuti ndigwetse apongozi pa udindo. Anawonjezera kuti njira ya kwathu ku Ntchisi sinatsekedwe. Apa nthabwala zinatha. Kuthamangitsidwa ndinkakuopa, inde, koma chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti munthu amene anandilandira ngati mwana wake ankakhulupirira kuti ndamudyera kuseri. Akuluwo ndinkawakonda.

Lachisanu ndinakhala pamphasa, mwa njira imene ndikanatha. Apongozi anali atavala mkanjo woyera, ataimirira chotsamira mzati. Amayi a pamudzipo anakhala chapatali, makutu ali chapafupi.

"Aphunzitsi," anayamba ankhoswe, "kodi munanena ku boma kuti mpando wa apongozi anu utsike?"

"Ndinanena."

Amayi anagwira pakamwa.

"Koma ndinkanena wa njinga."

"Wa njinga? Chishalo?"

"Chomwecho."

"Nanga chakulakwirani chiyani?"

"Chimandipweteka."

"Pati?"

Ndinayang'ana mkazi wanga, iye anayang'ana nkhuku. Ndinaona kuti ndisankhe chimodzi, ulemu kapena banja.

"Pokhalira," ndinatero. "Miyezi yonseyi. Miyendo yanga sifika."

Amayi anaphulika ndi phwete, wina mpaka kuthawira kuseri kwa nkhokwe. Ankhoswe anayamba kutsokomola. Apongozi okha sanaseke. Analowa m'nyumba chowerama, natuluka akukankha njingayo. Anaiimika pakati pathu n'kuika dzanja pa chishalo.

"Njinga iyi," anatero, "anandipatsa ndi malemu apongozi anga, nditangokwatira mayi anuwa. Iwo anali aatali kuposa ine." Anamenya chishalocho ndi chikhatho. "Inu nonse, zaka zonsezi mwandiona ndikuyendetsa misonkhano padoko chiimirire. Mumati ndi ukali?"

Apongozi anga aakazi anawayang'ana amuna awo ngati akuwaona koyamba.

"Sindinauzepo munthu," anapitiriza. "Ndinkati mwina ndine ndekha wopangidwa molakwika."

Tsiku lomwelo tinabwereka sipanala, tinathira palafini pa bawuti n'kudikira. Fundi sananame, panafunikadi anthu awiri. Apongozi anagwira njinga, ine ndinapotokola chishalo, thukuta lili kamukamu, mpaka chitsulo chinalira n'kuyamba kulowa. Anandiuza ndikhalepo. Anagwada, munthu wamkulu, mkanjo uli m'fumbi, kuyang'ana ngati chidendene changa chikufika pa pedulo. "Tsitsaninso pang'ono," anatero. Kenako anaweramutsa mphuno ya chishalo kuti isaloze kumwamba.

"Nanga inu bambo, Lachisanu muzikwera bwanji?" ndinafunsa.

"Maondo anatha kale awa. Ndizikhala pakeliyala, inu muzipalasa."

Loweruka sanaime nawo pa chisankho. Anati atopa, akufuna akhaleko pansi. Bambo wa chambo uja anapambana, ndipo mpaka lero padoko pali anthu amene amalumbira kuti ndine ndinawatsitsa akuluwo. Ndinasiya kutsutsa, poti nsombazo tinadya.

Kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse ndinkawanyamula kupita ku boma, atakhala pa pilo, miyendo yawo italiitali ikukhula mumchenga. Ankandigwira paphewa n'kumandiuza za asodzi onse amene tinkakumana nawo. Tinayenda choncho mpaka chaka chimene anadwala osadzukanso. Masiku oyamba atamwalira njinga inkandipepukira moipa, ndipo ndinkatembenuka kuti ndiyankhe munthu amene panalibe.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi anakwatiwa ndi mlangizi wa zaulimi, munthu wamtali ngati malemu apongozi anga aja. Ntchito yake ndi yoyendayenda cha ku Benga, choncho ndinamubwereka njingayo. Ine nzeru ndinazipeza movutikira, ndiye ndinamupatsira limodzi ndi sipanala, n'kumuuza kuti akweze chishalo mmene akufunira. M'mawa mwake anabwera, anagwada, n'kundibwezera sipanalayo ndi manja awiri.

"Ili bwinobwino, bambo. Palibe chokonza."

Ndinamuona akupita, maondo akugunda mahandulo. Sipanala ndinaipachika pakhonde, pamalo poti aziiona akamadutsa. Ndamva kuti alimi akumutama kwambiri, akuti pamsonkhano sakhala pansi.