Nduna za Boma la Zipani Zisanu

Ndinafika ku Birmingham m'nyengo yozizira, ndi viza ya ntchito yosamalira okalamba, nditasiya ana anga awiri kwa mchemwali wanga ku Ntcheu. Kwathu ndinali namwino pa chipatala chaching'ono. Kuno ndinalembedwa pa nyumba ina ya okalamba ku Erdington, kusambitsa anthu, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza pabedi kuti asatuluke zilonda. Sabata yachiwiri anandipatsa zipinda za m'mwamba. M'chipinda cha kumapeto, choyang'ana kunjanji, munali bambo ena a ku Ireland a zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, aatali, a manja akuluakulu a munthu amene moyo wake wonse wagwira fosholo.

Mnzanga wa ku Zambia, amene anayamba ntchito pamenepo ine ndisanabwere, anandichenjezeratu kuti bambowo amakana kusamba, ndipo akayamba za ndale za kwawo ndizingovomera ndi mutu manja akugwira ntchito, apo ayi shifiti yonse ithera m'chipinda chimodzi.

Anali ndi matenda oiwalaiwala. Akamaliza kudya ankafunsa kuti chakudya chibwera liti. Masiku ena ankafunafuna nsapato zawo zantchito kuti akakwere lole ya omanga misewu, ntchito imene anasiya kalekale. Tsiku loyamba ndikuwamanga mabatani a malaya, anandigwira dzanja n'kundifunsa kumene ndinachokera. Nditawauza, anafunsa ngati boma la kwathu lili la chipani chimodzi kapena la zipani zingapo. Ndinati panthawiyo linali la mgwirizano.

"Ndiye iwe undimva," anatero. "Khala pansi."

Sindinakhale, koma ndinaima. Anayamba kutchula mayina, chala chikugogoda pa bondo: nduna yaikulu, wachiwiri wake, nduna ya zachuma, ya zakunja, ya ulimi, ya malo, ya maphunziro, ya makalata ndi matelefoni, aliyense ndi chipani chake. Sanapunthwe paliponse. Pomaliza anatchula nduna ya zaumoyo, n'kuika dzanja pachifuwa. Kenaka anavomera kuti ndiwasambitse.

Madzulo ake, m'sitima yobwerera ku Selly Oak kumene ndinkakhala ndi anzanga atatu, ndinafufuza pafoni mayina awiri amene ndinagwirako. Zinali zoona. Linali boma limene linapangidwa ku Ireland m'chaka cha 1948, bambowo ali mnyamata. Ndinawerenga mpaka ndinatsala pang'ono kupitirira pa siteshoni yanga.

Nkhani yonse ndinaimva pang'onopang'ono, tsiku lina mutu, tsiku lina mchira, nthawi zambiri ndikuwameta ndevu. Chipani chimodzi chinali chitalamulira zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Chisankho chitachitika, zipani zisanu ndi aphungu ena oima paokha anagwirizana zochichotsa. Anali anthu osamwerana madzi: chipani cha eni chuma, cha alimi ang'onoang'ono, ziwiri za anthu apantchito zomwe zinali zitagawikana, ndi china chatsopano cha anthu amene kale ankagwira mfuti. Mtsogoleri wa chipani chachikulu mwa zisanuzo ndiye akanakhala nduna yaikulu, koma pa nkhondo yapachiweniweni anali mkulu wa asilikali, ndipo ena mwa anzake atsopanowo anali ndi abale amene anaphedwa nthawi imeneyo. Anamukana. Iye anavomera kutsika, natenga unduna wa maphunziro, ndipo mpando waukulu anaupereka kwa loya wina amene sankaufuna n'komwe. Bambowo ankakonda kubwereza pamenepa. Ankati sanaonenso munthu wina wandale akuchita zotero.

Tsiku lina ndikuwapukuta kumsana ndinaona chipsera chachitali chokhota pansi pa phewa, ndipo mbali imeneyo inali yolowa m'kati. Unamwino wanga unandiuza kuti anawachotsapo nthiti. Ndinafunsa ngati anadwalapo chifuwa chachikulu. Anati mlongo wawo ndiye anayamba kudwala. Anamwalira m'chipinda cha kuseri kwa nyumba yawo ya kumudzi, akudikira bedi la kuchipatala limene silinapezeke. Anansi ankalambalala pakhomo pawo. Chaka chotsatira bambowo nawonso anayamba kutsokomola magazi. Koma pamenepo boma linali litasintha, ndipo nduna ya zaumoyo inali dokotala wachinyamata amene makolo ake nawonso anatha ndi matenda omwewo, ndipo iye anapatsidwa unduna tsiku lake loyamba m'nyumba ya malamulo. Mabedi anayamba kupezeka. Anawatenga, nakagona zaka ziwiri m'chipatala cha odwala chifuwa, pakhonde, mphepo ikuwomba, mpaka anachira.

Vuto linali kunyumba. Bambo awo anamenya nawo nkhondo yapachiweniweni kumbali ya chipani chochotsedwacho, ndipo boma latsopanolo ankalitcha la achiwembu. M'nyumba mwawo dzina la dokotala uja silinkatchulidwa, ngakhale mwana wawo anabwerako wamoyo. Pamene dokotalayo anatula pansi udindo, mabishopu ndi madokotala anzake atakana ganizo lake loti amayi ndi ana azilandira chithandizo chaulere, ndipo boma lonse linagwa posakhalitsa, bambo awo anagula mowa n'kuitana anzawo.

Nkhani imeneyi inandikumbutsa bambo anga, amene anali mphunzitsi. Dziko lathu litangolandira ufulu, nduna zingapo zinasemphana ndi mtsogoleri, zina zinachotsedwa, zina zinatula pansi udindo n'kuthawa. Ine ndinakula mayina awo ali oletsedwa. Bambo anga ankawadziwa onse ndi maunduna awo, koma ndinawamva akuwatchula kamodzi kokha, tili awiri m'munda wa mbatata, ndipo ngakhale pamenepo anayamba acheuka kaye. Ndinawauza bambo a ku Ireland aja zimenezi. Sindikudziwa ngati anazisunga, koma tsiku limenelo anamvetsera mpaka kumapeto osandidula.

Mwana wawo wamkazi, mayi wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, ankabwera Lamlungu lililonse. Anabadwira mu Birmingham momwemo, ndipo za maboma a ku Ireland anazimva kuyambira ali wakhanda mpaka zinamukola. Akangoyamba bambo ake, iye ankadzuka kukathira madzi maluwa a pazenera. Sindinkamuweruza. Bambo ake ankadziwa nduna ya makalata ya dziko limene analisiya ali ndi zaka makumi awiri, koma iye ankamutchula dzina la malemu mayi ake, nthawi zina n'kumufunsa kuti ndi ndani.

Ndiye amene anandiuza za mkulu wawo wa bambowo. Tinali m'kakhitchini ka alendo, iye akutsuka kapu imene inali yoyera kale. Anati ali ndi bambo aakulu ku Foleshill, ku Coventry, amene anagwira ntchito m'fakitale ya magalimoto mpaka kupuma. Abale awiriwo anawolokera limodzi ku England, anagonapo chipinda chimodzi, wina anaimira mnzake pa ukwati. Koma pa maliro a bambo awo, kumudzi kwawo, wamng'onoyo ananena pamaso pa anthu kuti chipani cha malemuwo ndicho chinasiya mlongo wawo kuti afe. Wamkuluyo anamumenya khofi. Kuyambira pamenepo zinapita zaka zoposa makumi anayi osayankhulana, chonsecho pakati pa Erdington ndi Foleshill ndi ulendo wosakwana ola limodzi.

Masamba atayamba kuyoyoka, bambowo anadwala chibayo. Anapita kuchipatala, nabwerako ataonda, akupuma movutika, chifukwa mapapo awo anali ofooka kale. Adokotala anauza mwana wawo kuti asayembekezere zambiri. Pa ntchito yathu amatiphunzitsa kuti za m'banja la munthu tisalowererepo, ndipo ine, wa viza yomangidwa ku ntchito imeneyo, ndinkasamala kwambiri pakamwa panga. Komabe Lamlungu limenelo, ndikuwaperekeza mayi aja kuchitseko, ndinanena.

"Pepani ngati ndikulumpha malire. Kwathu m'bale amauzidwa. Kubwera kapena kusabwera ndi zake, koma amauzidwa."

Anandiyang'ana, natuluka. Sabata yonse ndinkayembekezera kuitanidwa ku ofesi. Palibe anandiitana.

Lachinayi masana, ndikusintha madzi a m'jagi, ndinamva ndodo ikugogoda m'khonde. Mayi aja analowa atagwira mkono wa nkhalamba yaifupi, yovala jekete ndi tayi, chipewa chili m'manja. Nkhope yake inali yosiyana ndi ya wodwalayo, koma makutu anali amodzimodzi. Ndinafuna kutuluka, koma mayiwo anandikodola kuti ndikhale, poopa kuti bambo awo angabanike. Ndinaima pakona.

Wodwalayo anamuyang'ana mlendoyo monga ankayang'anira aliyense wachilendo, mwaulemu, namuuza kuti akhale. Sanamuzindikire. Anamva kayankhulidwe kake n'kufunsa ngati ndi wa ku Ireland, ndipo atavomera anafunsanso ngati akulikumbukira boma la zipani zisanu. Mlendoyo anati akulikumbukira. Pamenepo chala chinayamba kugogoda pa bulangeti. Nduna yaikulu, wachiwiri wake, ya zachuma, ya zakunja, ya ulimi. Mpweya unkawathera pakati pa mayina. Atafika pa nduna ya malo anaima. Milomo inkagwedera koma dzina silinabwere. Aka kanali koyamba kuti ndiwaone akusowa dzina pa mndandanda umenewo, ndipo maso awo anadzaza mantha.

Mlendoyo analitchula, motsitsa mawu, ndi chipani chake chomwe. Wodwalayo anagwedeza mutu, napitiriza. Anapunthwanso kawiri, ndipo kawiri konse mkulu wawo anawatola. Atafika pa nduna ya zaumoyo anati ameneyo ndiye anamanga zipatala zimene zinawapulumutsa.

Ndinaona nsagwada za mlendoyo zikulimba. Anapotokola chipewa chija, nayesa kukhala chete, koma zinamukanika. Anati mapulani a zipatalazo anali atalembedwa kale ndi boma lapitalo, ndipo mankhwala atsopano anangofika pa nthawi yake, aliyense wokhala pa mpandowo akanatamandidwa. Mayi aja anatseka maso. Ine ndinaganiza kuti ndabweretsa ndewu pa bedi la munthu wakufa.

Wodwalayo anamuyang'anitsitsa. Kenaka anaseka pang'ono, kuseka kumene kunasanduka chifuwa, ndipo ndinapita kukawadzutsa ndi kuwapatsa madzi.

"Mukuyankhula ngati mkulu wanga," anatero atapezako mpweya. "Mumamudziwa? Ali ku Coventry."

"Ndimamudziwa."

"Ali moyo?"

"Ali moyo."

"Mukamuona mukamuuze za mazira. Ankabwera kuchipatala kuja pa njinga Lamlungu lililonse, mvula kaya dzuwa, mazira atakulunga m'sokosi. Ana sankawalola kulowa. Ankaima pansi pa khonde n'kumandikwezera dzanja. Bambo sanabwereko. Iye ankabwera. Mukamuuze kuti ndikudziwa."

Mlendoyo anati akamuuza. Anakhala pamenepo mpaka wodwalayo anagona, dzanja lake lili pamphepete pa bedi, osamukhudza. Potuluka, m'khonde, mayi aja anandinong'oneza kuti za mazirazo sanazimvepo chibadwire.

Anabweranso kawiri. Ulendo wachiwiri ine ndinali pa ofu. Wachitatu wodwalayo sankayankhulanso, ndipo mkulu wawo anangokhala, akuyang'ana sitima zikudutsa pazenera. Bambowo anamwalira m'mawa wina, ine ndi mnzanga wa ku Zambia uja titangomaliza kuwasambitsa. Ndinawatseka maso ndi kuwamanga chibwano monga tinkachitira kwathu, kenaka ndinakaitana nesi wamkulu.

Pa maliro ndinasinthana shifiti ndi mnzanga kuti ndipite. Inali Misa ya anthu ochepa, ambiri okalamba, ena oyenda ndi ndodo ziwiri. Titachoka kumanda tinapita ku holo ya tchalitchi kukamwa tiyi. Ndinakhala kumapeto, ndikuganiza zonyamuka msanga, koma mkulu wawo uja anabwera n'kukhala pa mpando woyandikana nane. Anandithokoza, nati mwana wa mng'ono wake wamuuza kuti ndine ndinayambitsa zoti aimbiridwe foni. Kenaka anafunsa chimene anadzera.

"Inu munkakhala naye tsiku ndi tsiku. Mukuganiza kuti anandizindikira?"

Ndikanatha kuwauza kuti inde, ndipo palibe akanandigwira bodza. Koma ndinawauza zimene ndinkadziwa: kuti matendawa ndawaona kwa anthu ambiri, kuti nthawi zina munthu amadziwa koma mawu ake amatulukira kwina, ndi kuti za tsiku limenelo sindikudziwa. Ndinawonjeza kuti miyezi yonse imene ndinawasamalira, sanauzepo wina aliyense nkhani ya mazira.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anamwa tiyi.

"Pa nkhani ya zipatala ija sindinasinthe," anatero. "Ine ndiye ndinkalondola. Koma ndikanabwera kale."

Mayi aja anafika ndi chikhoti chawo. Ndinawathandiza kulowetsa mkono wamanzere umene unkavuta kupinda, ndipo tinawaperekeza mpaka pa galimoto.