Apongozi a Lorenso ndi Makina a Njuga

Lorenso Ignasio wa ku Bangula ndi munthu woti ntchito zakalavulagaga wazilawa zonse. Anadulapo nzimbe ku Nchalo mpaka zikhatho zinachita zikang'a. Kenako anapalasa kabaza, dzuwa la kuchigwa kuno likumuwamba msana. Ndiye atapeza ntchito yoyang'anira makina a njuga m'kasitolo kena pamsika, mumthunzi, fani ikumupepeza, mnyamata anati Mulungu wandikumbukira.

Makinawo ndi a makadi. Ukaponyamo ndalama, pagalasi pamatuluka makadi asanu. Umasunga amene wawakonda, enawo n'kutaya, makina n'kukupatsa ena. Mwini wake, bwana wina wa ku Blantyre, ndiye amatchera kuti wopambana azilandira zingati. Poyamba anawamasulako kuti anthu akopeke, podziwa kuti anyamata a pamsika amangodinadina osaganiza, ndalama n'kutsala momwemo.

Koma bwanayo sankawadziwa mayi Esinala a ku Makhanga. Mayiwa makadi anawaphunzirira kumsasa chaka chija madzi anasefukira, akubetcherana nyemba ndi anzawo podikira kuti Shire aphwe. Tsiku la msika ankawoloka pabwato, n'kugulitsa mbatata zawo, kenako n'kulowa m'sitolomo atamanga chitenje kuti gwa. Sankapupuluma ayi. Ankayang'ana makadi aja modekha ngati akusankha mpunga, ndipo kawirikawiri makina ndiwo ankalira.

Vuto linali limodzi: mayi Esinala ndi apongozi ake a Lorenso, mayi ake enieni a mkazi wake Tithokoze. Kwathu kuno mkamwini woleredwa bwino sayang'anana maso ndi apongozi aakazi. Ndiye mayiwa akangotulukira pakhomo, Lorenso ankangoti nyomi kuseri kwa kauntala. Pofuna kuwalipira, dzanja lokha ndilo linkatuluka pamwamba. Anthu ankachita kubwera kudzaonerera dzanjalo, kuseka mpaka misozi.

Tsiku lina bwana anaimba foni atapsa mtima.

"Mayi wopambanapambanayo umuthamangitse," anatero. "Ngakhale kumalo akuluakulu a njuga, munthu wosewera ndi mutu amamuonetsa khomo. Makinawo ndidzawamanga ndikabwera, koma mayiyo asapondenso. Ukalephera, uchoka ndiwe."

Kalanga ine, Lorenso! Mantha anamugwira zenizeni. Mwana ali m'njira, abwererenso kukabaza? Koma nanga mkamwini n'kuthamangitsa apongozi, zinamvekapo kuti? Anapita kwa ankhoswe, iwo anati njuga si nkhani ya banja. Anadandaulira Tithokoze, mkaziyo anaseka mpaka kugwira mimba.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, bambo. Kawauzeni nokha."

Tsiku la msika linafika, apongozi aja n'kulowa monga mwa masiku onse. Lorenso anagwada kuseri kwa kauntala, nkhope kukhoma, thukuta lili kamukamu.

"Amayi," anayamba, "kumudzi mwasiyako bwanji?"

"Pyadidi," anayankha m'Chisena.

"Nanga... mbatata zayenda?"

"Zayenda."

Basitu, mawu anathera pomwepo.

Mayi Esinala sanaponyemo ndalama. Anaima patsogolo pa makina aja n'kuyamba kuyankhula nawo, ngati kuti m'sitolomo munalibe munthu wina.

"Iwe mnzanga, ukawauze ali pansi pa kauntalawo kuti maondo awo apumule. Mwana wanga wandiuza zonse. Ine sindingachotsetse ntchito bambo a mdzukulu wanga chifukwa cha makadi. Uwafunsenso kuti nkhuku ankadya Lamlungu lililonse zija, amayesa zinkagwa kumwamba? Matewera adzaza m'beseni aja, anagula ndi iwo?"

Lorenso manyazi anamugwira, chisoni n'kubweranso pamwamba. Iye ankangotafuna, n'kumatama mkazi wake kuti amadziwa kusunga ndalama!

"Takhuta, amayi," anauza khoma, kuthokoza m'Chisena. "Takhuta kwambiri."

Mayiwo anasisita makina aja pamwamba monga achitira munthu pogulitsa mbuzi yomwe amaikonda. Anawakondadi masewerawo, zimenezo tisabise. Kenako anasenza dengu lawo n'kulunjika kudooko.

Bwana anabweradi n'kumanga makina ake, ndipo masiku ano opambana ndi osowa. Lorenso akadali pantchito, mwana anabadwa wamkazi, dzina lake Esinala. Apongozi akamadutsa ndi mbatata zawo salowanso, amangoponya diso pagalasi paja. Koma Lorenso amagwadabe kuseri kwa kauntala mpaka atapitirira, ndipo Lamlungu amadya nyemba zake osadandaula.