Maluwa a Mphumu

Mphumu ndinabwera nayo kuchokera kumudzi, koma kuno ku Wakefield, ku Mangalande, ndi kumene inapeza pokulira. Nyumba yathu yoyamba inali yachinyezi, chuku chili bii kuseri kwa kabati, ndipo kukangoyamba kuzizira chifuwa changa chinkalira ngati mwana wa mphaka. Adokotala anandipatsa inhela, kabotolo kopopera m'kamwa kaja, n'kundiuza kuti kasamandichoke. Ine ndinamva. Amene sanamve ndi bambo a ana anga.

Amuna angawo ndi munthu wabwino, koma akagwira mfundo, mmm, ngakhale abusa amangowasiya. Kwa iwo kabotoloko kanali kachidole ka azungu. "Mpweya wokhawokha ungachize munthu?" ankatero. Ndiye ndikangoyamba kubanika, kukhitchini kunkabuka chipwirikiti. Khofi wakuda wopanda shuga. Uchi ndi mandimu. Jinja ndi adyo zosinjira pamodzi, moti okalamba amene ndimawasamalira kuntchito ankatembenukira kukhoma ndikawayandikira. Khofiyo, kunena zoona, ankandimasulako pang'ono. Zinazo ndinkangomwa kuti pakhomo pakhale mtendere, kenako n'kukapopera inhela yanga kubafa ngati ndikuba.

Chimene chinkawawawa kwambiri ndi kusowa kwa bulugamu. Kwawo ku Dedza amayi awo ankawiritsa masamba ake, wodwala n'kufunda bulangete pamwamba pa poto mpaka thukuta kamukamu. "Kuno kukanakhala bulugamu, nkhaniyi bwenzi itatha kalekale." Anayenda m'mapaki monse maso ali m'mwamba, anthu oyendetsa agalu n'kumawapatukira.

Loweruka lina masana anatulukira kuchokera ku Leeds atanyamula maluwa. Maluwa enieni, ofiira, okutidwa m'pepala lonyezimira! Chikwatirane, bambowa anali asanandipatsepo ngakhale duwa la dzungu. Ndinapukuta manja pachitenje, ndikuti abale inu, Ulaya wandisinthira mwamuna. Iwo anangoti, "Pepani mayi, ndidutse." Anafika pasinki, n'kuzula ofiira onsewo kuponya m'bini, n'kutsala ndi timasamba totuwa timene ogulitsa amakongoletsera m'mbali.

"Ndamupeza! Tanunkhizani. Anthu akuno bulugamu amamuika m'maluwa, tangoganizani kuwononga kwake."

Ndinakwiya, ndisaname. Ndinatola maluwa anga m'binimo uku ndikulalata, ndipo kaya ndi ukaliwo kaya ndi fungo, chifuwa chinayamba kuthina pomwepo. Bambo aja nkhope inachita kuwala, wodwala wapezeka mankhwala akadali atsopano. Posakhalitsa ndinali pampando, poto ali patsogolo, bulangete lili kumutu.

Nthunzi ija sinandimasule. Inanditseka. Ndinkakoka mpweya koma unkathera pakhosi. Ndinayesa kuitana, mawu osatuluka, ndiye ndinamenya tebulo.

"Pirirani, mayi," anatero ali kunja kwa bulangete, "ndiye kuti akugwira ntchito."

Ndinalikankha bulangetelo ndi mphamvu zotsala. Atangoona nkhope yanga, ung'anga wonse unathera pompo. Ndinaloza chikwama. Anachikhuthulira pansi, makiyi, zisa, timasiwiti, n'kuipeza inhela, koma anandipatsa chozondoka. Ndinapopera ndekha. Iwo anaimbira ambulansi, ndipo Chizungu chonse chimene amandinyadira nacho chinawathawa. Ndinawamva akuuza mzungu wa pafoniyo kuti, "Chonde fulumirani, akazi anga akufa." Mantha ndinali nawo, koma mantha awo ndi amene anandiliza.

Kuchipatala nesi anawafotokozera bwinobwino kuti nthunzi yotentha ndi fungo lamphamvu zimatha kutseka chifuwa cha munthu wa mphumu, ndipo ikagwira, choyamba ndi inhela. Anamvetsera ataima njo, chipewa chili m'manja, ngati mwana wasukulu wogwidwa akuba mango.

Kuyambira pamenepo anatembenuka mtima, koma mwanjira yawoyawo. Analanda inhela ija n'kudziika kukhala msungi wake. Imakhala m'thumba la malaya awo, la pamtima. Kutchalitchi ili momwemo, kumsika ili momwemo. Vuto ndi lakuti amapita nayonso kuntchito kwawo kuweyahausi yosungira katundu, ine ndili mbali ina ya tauni ndikusambitsa okalamba.

Tsiku lina ndinawafunsa, "Nanga ikandigwira inu muli uko, mudzapopera ndani? Makatoni?"

Ndinkayembekeza kuti aseka. Sanaseke. Anagwira pathumba paja n'kunena motsitsa, "Ndikaikhudza apa, ndimadziwa kuti mukupuma."

Ndinakapempha ina kwa adokotala, ndipo imeneyo ndi imene ndimayenda nayo m'chikwama. Yawoyo inatha mphamvu kalekale. M'mawa uliwonse ndimawaona akuigunda kawiri asanatsegule chitseko.