Sitima inatisiya chifukwa cha nkhuku ya kwa malume

Ine ndinaphonyetsa mwamuna wanga sitima yapamadzi chifukwa choopa kuuza malume anga kuti tikuchedwa. Lero ndimaiseka nkhaniyi, koma tsiku limenelo ndinalira ngati mwana.

Ndimagwira ntchito ya unamwino ku Newcastle, ndipo mwamuna wanga, bambo a Tadala, amaphunzitsa masamu. Tinakwatirana tili ana a sukulu opanda kanthu, moti mwambo wa ukwati utatha tinangobwerera kukalowa m'kachipinda kathu ka lendi. Iwo anandilonjeza kuti tsiku lina adzandikweza sitima zija anthu amagona momwemo n'kumaona maiko. Ine ndinkangoti ndi nkhambakamwa za aphunzitsi. Koma titakwanitsa zaka makumi awiri m'banja, anabwera ndi matikiti a ulendo wa masiku khumi ndi awiri, wonyamukira padoko la Southampton, kummwera kwenikweni kwa dziko lino. Anandipempha chinthu chimodzi chokha, kuti ndikonze za kafikidwe kathu kudokoko.

Ndege yochoka ku Newcastle kukatera ku Southampton komweko inalipo. Ine ndi nzeru zanga ndinasankha yotsikirako mtengo, yokatera pabwalo la ndege la Stansted, kumpoto kwa London, m'mawa wa tsiku lonyamuka lomwelo. Pamapu zinkaoneka zoyandikana. Komanso kufupi ndi bwalolo kunkakhala malume anga, achimwene awo a mayi anga, amene nditawaimbira foni anakana zoti tikwere basi kapena sitima yapamtunda iwo ali ndi galimoto. Ndinawauza kuti sitima inyamuka 5 koloko madzulo. Sindinawauze kuti chipata cholowera amatseka nthawi ya hafu pasiti 3, ngakhale zinalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu patikiti.

Ndege inatera bwinobwino cha m'ma 10 koloko, malume ali kale pakhomo lotulukira atavala suti. Titakwera galimoto ananena kuti tidutsa kunyumba kaye pang'ono. Inu owerenga, pang'ono wa kwathu mukumudziwa. Tinapeza akazi awo ataphika nkhuku ziwiri ndi mpunga, ataitananso mabanja atatu a kumpingo kuti adzaone mwana wa mlongo wawo wa malume amene akukakwera sitima ya azungu. Aliyense anatipatsa moni payekhapayekha, kufunsa za ana, za ntchito, za kumudzi, ifenso n'kubweza chimodzimodzi. Kenako pemphero la chakudya, chakudyacho, tiyi, ndi pemphero la ulendo limene mkulu wina analiyambira kwa Nowa.

Bambo a Tadala ankangondiponda phazi pansi pa tebulo. Iwo monga mkamwini sakanatha kutsegula pakamwa pakhomo pa eni mbumba, ndiye udindo unali wanga. Koma ine ndikayang'ana malume, amene anandilipirira sukulu bambo anga atamwalira, ndinkaona ngati kunena za nthawi n'kunyoza chakudya chawo. Ndinangomwetulira n'kulandira chiwalo china cha nkhuku.

Tinanyamuka 1 koloko itadutsa. Malume anali ndi mtima m'malo, akuti maola anayi ndi ambiri. Pamsewu waukulu wozungulira London tinapeza magalimoto atangoti ndi, akuyenda ngati maliro. M'pamene ndinaulula za hafu pasiti 3 ija. Malume anazimitsa wailesi, ndipo msewu utatseguka anathamangitsa galimoto kuposa msinkhu wawo.

Tinafika padoko nthawi itadutsa hafu pasiti 4. Sitima inali pomwepo, yoyera, yaitali kuposa chipatala chimene ndimagwirako ntchito, anthu ali pamwamba kukupiza manja. Mayi wa pachipata anatimvera chisoni koma anati mndandanda wa okwera watsekedwa kale. Mwamuna wanga anaika masutikesi pansi n'kuima chilili mpaka sitimayo inatembenuka. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipidwa.

Mwamwayi mayi uja anatiuza kuti tikhoza kukaikwerera padoko lotsatira, ku Lisbon, patapita masiku atatu, bola tidzipezere tokha ndege. Tinabwerera kwa malume. M'njira malume anandiyang'ana pagalasi n'kunena mofatsa:

"Koma mwana iwe, bwanji sunanene pa eyapoti pomwe paja? Nkhuku ija tikanangoiika m'kontena, n'kumadya m'galimoto. Ine ndimafuna ukwere sitima, osati udye."

Ndinachita manyazi kwambiri. Zaka zonsezi ndinkaopa munthu amene ankangofuna kumva zoona.

Masiku amene tinakhala kwawo anali okoma, ndisaname. Anatifotokozera nkhani za mayi anga ali mtsikana zimene sindinkazidziwa. Tsiku lopita ku Lisbon anatifikitsa pabwalo la ndege kutatsala maola asanu, akazi awo atatimangira kamba m'pepala. Sitima tinaipeza, ndipo masiku asanu ndi anayi otsalawo tinasangalala. Bambo a Tadala anavina pamaso pa anthu koyamba chikwatiranireni. Mpaka lero akafuna kundiseka amangofunsa ngati ndikufuna chiwalo china.

Tsono inu owerenga, mukadzakonza ulendo wotere, sankhani bwalo la ndege loyandikira doko ngakhale likwere mtengo, ndipo mukafike dzulo lake, mugone konko. Nthawi yofunika ndi yotseka chipata, osati yonyamuka sitima. Wachibale akadzipereka kukuperekezani, muuzeni nthawi imeneyo musanakwere n'komwe galimoto yake. Akuluakulu anati manyazi anapha Lambe. Ine sanandiphe, koma analanda mwamuna wanga masiku atatu a ulendo umene anaulota kwa zaka makumi awiri, ndipo amenewo sindingathe kumubwezera.